Lenzi Yosaodira

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo ndithu. Ndiyambe ndi yokoma kuti mtima wanu ukhale kaye pansi. Mpongozi wanu Esinati anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Ndiye m'nyumba muno mwabweranso Elube wina, waukali ngati inu nomwe, makamaka bere likachedwa. Esinati akamamusambitsa amachita kupepesa, "Pepanitu apongozi, madzi azizira," ife nkumaseka. Koma kusekako sikukhalitsa, chifukwa mukanakhalapo bwenzi mutamulanda kale mwanayo nkumusambitsa nokha.

Kumudzi chimanga chachita bwino mbali ya kudambo, koma mtedza unaolera m'munda ndi mvula yochedwa ija. Amalume miyendo ikuwavutabe, sakutha kukwera minibasi, ndiye unkhoswe wa mlongo wanga Tadala anandisiyira ine monga munapangana muja. Pa benchi panu mumsika wa ku Old Town pakhala mayi wina wa ku Nathenje. Akugulitsa zitenje zomwezo, koma kapindidwe kake, aaa, mukanangopukusa mutu. Makasitomala anu akale amandiimitsabe panjira kufunsa ngati ndine mwana wa mayi wosatsitsa mtengo uja.

Ntchito yanga ija munkaitcha yoba nkhope za anthu ikuyenda. Ndikukumbuka mmene munkandiuzira: "Nkhope ya munthu ndi pakhomo pake. Umayamba waodira, akakuyankha ndiye ujambule." Kamera yakale yaphokoso ija ndinaisintha, pano ndili ndi imodzi mwa zija akuti milalesi. Iyi ilibe kagalasi kodumphadumpha mkati, ndiye ukafuna imajambula mwakachetechete, woima pambali pako osamva kanthu. Ikapeza munthu imaika kabokosi kobiriwira padiso pake nkumalitsata kulikonse angatembenukire. Mukanaiona mukanati ndi ufiti. Chimene ndinkasowa ndi lenzi yokoka zakutali, yoti ndikaima kumbuyo kwa tchalitchi ndizitola mphete ikulowa chala osaponda madiresi a anthu. Maukwati a ku Area 10 ndi a m'mahotela a ku City Centre sakuyang'ana nkomwe ukakhala ulibe imeneyo.

Nkhani ya lenzi imeneyi ndi imene yandikhazika pansi kuti ndikulembereni, amayi, ndipo si yabwino.

Chikuikireni m'manda, Tadala sitikumuona. Kunyumba kwake ku Area 43 mukukudziwa, mpanda wautali uja wa mawaya a magetsi pamwamba. Tsiku lija tinakamuperekeza munangouyang'ana mpandawo nkunong'ona kuti, "Mpanda ukatalika chonchi uzifunsa: ukutsekera akuba kunja, kapena eni nyumba mkati?" Ine ndinati mwayamba zanu. Ntchito yake ya ku City Centre mwamuna wake anamusiyitsa. Ndikapita, mlonda amangosuzumira pakawindo ka geti nkuti madamu agona. Ndikaimba foni amayankha ndi alamu. Mwana wathu atabadwa kunabwera dalaivala ndi thumba la matewera, mwini wake osaoneka. Tadala yemwe uja, woti akamva khanda likulira kwa aneba ankasiya mbale m'madzi nkuthamangira komweko?

Ndiye dzulo, Lachiwiri, alamu anandiimbira okha, mawu ali ofewa. "Alamu, ndamva mukusowa lenzi. Tiyeni mukasankhe. Ankhoswe sangamavutike ife tilipo." Ndinakondwa, ndisaname. Tinakumana pa sitolo ya mmwenye uja, mwana wa mdala amene munkagulako ulusi ndi mabatani. Nsalu anasiya, pano akugulitsa mafoni ndi makamera. Malo oimika galimoto kunalibe, mukudziwa mmene ku Old Town kumathinanira masana, ndiye alamu anakaimika kutsidya kwa msewu, patali ndithu, nkubwera wapansi. Anati Tadala ali m'galimoto momwemo koma mutu ukumupweteka, tisamuvutitse.

Mwini sitolo anatulutsa malenzi awiri nkuwaika pakansalu. Yoyamba imakoka mpaka pa 200. Kukamwa kwake nkotakasuka, imamwa kuwala kwambiri, moti ngakhale m'tchalitchi chamdima nkhope zimatuluka zowala, za kumbuyo kwa munthu nkusungunuka bwinobwino. Imeneyo ndiye ya ukwati, ndipo ndi imene ndakhala ndikuilota. Yachiwiri imafika pa 400, yaitali ngati musi wa mwana, yolemera moti mkono umayamba kunjenjemera usanajambule zingapo. Imafuna dzuwa, mumdima imachita ulesi. Mwini sitolo sanabise, anati imeneyo amagula ndi ojambula mpira ndi ojambula mbalame, anthu oti chimene akufunacho sangachiyandikire. Ine dzanja langa linapita pa yoyamba. Alamu ananyamula yachiwiri.

"Iyi ndiye ya amuna," anatero, akuiyeza kulemera. Mwini sitolo atapita kukathandiza kasitomala wina, anatsitsa mawu. Anati malo okha amene Tadala amapita masiku ano ndi ku mapemphero a amayi Lachinayi masana, pa tchalitchi chija cha ku City Centre, ndipo dalaivala wawauza kuti akatuluka amazungulira kuseri nkukayankhula ndi munthu wina. Akufuna ine ndikabisale patali, pansi pa mitengo, ndimujambule munthuyo. Ndinawafunsa ngati akufuna tiitane ankhoswe a kwawo tikhale pansi monga mwa mwambo. Anaseka, koma maso sanaseke nawo.

"Zokhala pansi ine ayi, alamu. Mungondipatsa nkhope yake basi. Zinazo ndimaliza ndekha."

Ndinawauza kuti ndiiyese kaye lenziyo. Ndinaimangirira ku kamera nkutuluka pakhonde la sitolo, alamu ali pambuyo panga. Ndinaika diso nkuyamba kukoka. Anyamata a kabaza anadutsa, mayi wa nthochi, chikwangwani cha telala, zonse zikubwera pafupi ngati ndizigwire. Kenako ndinalipeza galimoto lawo.

Tadala anali kumpando wakutsogolo, atavala mpango ndi magalasi akuda. Kabokosi kobiriwira kaja kanayamba kuyendayenda pankhope pake, kufuna diso, osalipeza. Iye sankadziwa kuti pali womuona. Anavula magalasi aja kuti apukute nkhope ndi nsonga ya chitenje, kabokosi nkudumphira padiso lamanja, gwa. Lamanzere kamera inalikana, amayi. Sinalizindikire kuti ndi diso. Linali lotupa, lotsekeka, lakuda bii mpaka kutsaya, ndipo mlomo wammunsi unali wong'ambika. Atamaliza kupukuta anayamba kuluma chala chachikulu, monga ankachitira ali mwana bambo akabwera ataledzera.

"Ikuona bwino?" anafunsa alamu. Mpweya wawo ndinkaumva pakhosi panga.

"Ikuona bwino, alamu."

Chala changa chinadina chokha. Kamera sinalire. Ndinamujambula mwana wanu osaodira, pa nthawi imene sakanalola munthu aliyense kumuona, ndipo chithunzicho chili muno. Ndachiyang'ana kamodzi kokha, sindingathenso. Ndikudziwa mukanandikoka khutu. Koma ndikanapita pafupi nkuodira monga munandiphunzitsira, akanavala magalasi aja, nkumwetulira, nkundiuza kuti ndi mutu chabe. Ndakhala ndikuodira pa geti lija miyezi yonseyi, woyankha nkukhala mlonda.

Ndinabwerera m'sitolo nkunena kuti ndatenga yaitaliyo. Mwini sitolo anandiyang'ana modabwa, chifukwa amadziwa kuti ine ndine wa maukwati, mpaka anafunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Musandiyese wadyera, amayi. Ndinaganiza kuti ndikakana, mu Old Town muno anthu a makamera ndi ambiri, alamu sangafike madzulo asanapeze wina woti samudziwa Tadala, ndipo ameneyo akawapatsa nkhope imene akuifunayo. Bola aziganiza kuti nkhoswe amugula. Alamu analipira nkundigwira chanza mwamphamvu, akumwetulira. Nditapempha kuti ndikamupatse moni mlongo wanga, anati wagona, ndidzamuona tsiku lina.

Lenzi ija ili patebulo pano m'bokosi lake. Esinati wakana kuti ilowe kuchipinda kumene kumagona mwana. Lero ndi Lachitatu. Alamu aimba kale kawiri kundikumbutsa za mawa, ndi kundiuza mtengo woti ndikaime pansi pake, umene umaonetsa bwino kuseri kwa tchalitchi. Malowo akuwadziwa bwino kwambiri, amayi, ngati munthu amene anakaimapo kale yekha. Munthu amene Tadala amayankhula nayeyo sindikumudziwa. Kaya ndi mayi wa mpingo amene akumuthandiza, kaya ndi ndani, ine sindikufuna kudziwa. Chimene ndikudziwa nchoti ngati diso lija latero pomuganizira chabe, nanga chithunzi cha munthuyo chikanafika m'manja mwawo chikanatsala nchiyani?

Pa chinkhoswe chake munandikokera pambali ine ndikusangalala ndi tambala uja anatipatsa akuchimuna, nkundiuza kuti, "Unkhoswe si kulandira tambala. Tsiku lina adzakuitana usanadye." Landifikira tsikulo. Mawa mmawa ndikabweza lenzi ku sitolo, mwini sitolo akawaimbire alamu amene anaigula. Ya ukwati ija idikire, maukwati sakutha. Kenako ndikwera minibasi ya ku City Centre. Pansi pa mtengo wawo uja sindikaimapo. Ndikalowa pakhomo la tchalitchi anthu onse akuona, ndikaima pafupi ndi Tadala pamene dzanja langa lingamufike, ndipo ndikati odi. Ndikamuonetsa chithunzi chija, ndikapepese, kenako ndikamuuze kuti tiye kwathu. Esinati wayala kale mphasa ndi matiresi m'chipinda cha makina anu osokera. Amalume ndawauza pafoni, akuti ngakhale ndi miyendo yomweyo abwera, kaya achita kuwanyamula.

Ndikuopa, amayi, sindingakubisireni. Dalaivala amakhala panja pa tchalitchi ndi foni m'manja. Alamu kwathu kuno amakudziwa, ndipo ife mpanda wathu ndi wa maluwa aja munadzala. Komanso mwina Tadala akakana, akati ndikumuonongera banja, nkubwerera m'galimoto lija. Izi ndiye zikundidya mtima kuposa zonse.

Ndiye ndikupempheni chinthu chimodzi. Inu simunabwezepo mlendo pakhomo, ngakhale wobwera nthawi ya njala, ndipo ndikudziwa kumeneko khalidwe lanu ndi lomwelo. Koma mukamva mawu a Tadala akuti odi pakhomo panu kumeneko, musayankhe, amayi. Musatsekule. Mubwezeni kuno, mumuuze kuti mchimwene wake ali panjira, ndipo Elube wamng'ono sanamunyamulepo.

Ine ndikulonjeza kuti pa geti lija sindidzabwereranso chifukwa mlonda wati madamu agona.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Yamikani