Mizu Imene Amayi Anakumba ku Zomba

Namadzi, Lachitatu

Okondedwa Achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno tilipo, koma Amayi chifuwa chija sichinawasiye.

Loweruka ine ndi Amayi tinakaona mwana wanu Chisomo ku koleji ku Zomba. Anatitengera kumunda wa maluwa kumene anthu amakapumulako. Tikudya mabanzi, tinangoona mlonda akubwera ndi Amayi, mizu ili m'chitenje. Anali atakumba pansi pa mtengo, akuti ndi mankhwala a chifuwa.

"Kodi mtengo wa Mulungu mumaletsa?" anatero Amayi. Anzake a Chisomo anaseka, ena akujambula.

Chisomo anachoka osatsanzika, ndipo mpaka lero sakuyankha foni. Chonde mumuimbire. Amayi sakudya, akuti anachititsa manyazi mdzukulu wawo.

Ambuye akusungeni.

Mlongo wanu,
Agnesi