Masamba oyamba a fodya wa Pak Harjo

Loweruka, 6 Seputembala. Kunja kunali zii, kopanda ndi kamphepo komwe.

Pak Harjo, mkulu wa ku chilumba cha Java woyandikana nafe kuno mumzinda wa Lawrence, akadali m'chipatala. Dzulo anandiimbira kuti fodya wawo wa kuseri kwa galaja wakhwima. Kwawo sathyola asanaike mpunga ndi dzira m'munda, kufukiza lubani ndi kupemphera. Ana awo anazikana zimenezi, ndiye anapempha ine kuti ndikawachitire.

"Iwe ndiwe wa ku Kasungu, fodya umamudziwa," anatero. "Tikadumphitsa chaka chino, mwambowu wathera pa ine."

Amayi anandiletsa. "Mizimu ya eni ake ukaiyambe iwe? Udzaibweza bwanji?"

Iwo atapita kuntchito masana, ndinalowa m'mundamo. Ndinaika mbale ya mpunga ndi dzira pansi n'kuyatsa lubani. Pemphero lake sindilidziwa, ndiye ndinangoti, "Pepani, andituma." Utsi sunakwere. Unayenda chokwawa mumzere mpaka kukaima patsinde lakumapeto. Ndinathyola masamba oyamba pamenepo.

Madzulo ano ndawaimbira Pak Harjo. Ndisananene kanthu, iwo akuti, "Lakumapeto lija, eti? Chaka chamawa udzaphunzira mawu a pempherolo."

Sindinavomere, koma sindinakanenso. Akuti njere za fodyayo anandisungira kale mu envelopu, dzina langa lili pamwamba.