Famase ya pa Tsamba 14

Lolemba, 3 Malichi

Lipoti la chaka latuluka. Nkhani yanga ili pa tsamba 14. A Terpstra, mkulu wa bungwe lathu, anandipeza pa makina a khofi n'kundiuza kuti a bodi aikonda, akuti aka n'koyamba kumvetsa kumene thandizo lathu limapita. Ndinayankha modzichepetsa koma mumtima ndinali kuvina.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndikupereka thandizo kwa anthu olimbana ndi malamulo a chitetezo cha pa intaneti, ndipo ndikayamba kufotokoza ntchito yanga ngakhale amayi anga amayasamula. Koma ya Zarina siyasamulitsa. Kagulu kake ku Rotterdam kamafufuza mafoni a atolankhani akwawo, kuona ngati boma lawaikira mapulogalamu ozonda. Umboni wawo ndi umene wachititsa aphungu kuno kuyamba kukambirana zoletsa kugulitsa mapulogalamuwo kunja. Dzina lake sindinalembe, malamulo athu salola. Ndinangotchula dziko, n'kufotokoza mmene mafoni amamufikira. Mtolankhani amapita ku famase ina yoyang'anana ndi siteshoni ya sitima mu likulu, amapereka kalata ya dokotala, foni n'kuisiya m'kathumba ka mankhwala, mayi wa pafamasepo n'kuitumiza kuno.

Pobwerera ndagula tchizi chodula.

Lachiwiri, 4 Malichi

Zarina anaimba cha m'ma 10. Moni sanapereke. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti mu likulu mwawo muli masiteshoni angati. Imodzi. Mafamase oyang'anana nayo? Awiri, ndipo inayo ndi ya bambo wokalamba.

"Mayi wamulembayo ndi mkulu wanga, Wietske. Bere limodzi."

Zimenezo sindinkadziwa. Koma zina ndinkadziwa, ndipo muno mulibe wondiona, ndilembe. Za famasezi anandiuza mu Okutobala, titamaliza zokambirana, nditatseka laputopu. Pa ntchito yathu aliyense amadziwa kuti laputopu ikatsekedwa, zolankhulidwa sizilembedwa paliponse. Ndinaitseka ndekha, ndi dzanja langali, n'kumuuza kuti amasuke. Chinanso, nkhani isanasindikizidwe timayenera kuitumiza kwa mwini wake aiwerenge, kenako n'kuchonga pa fomu. Ndinachonga. Sindinatumize. Sikuti ndinaiwala ayi. Ndinadziwa kuti akaiona achotsa za famase, ndipo popanda famase itsala nkhani ya malamulo okhaokha, yoyasamulitsa ija.

Manyazi andigwira. Sangweji ya masana ndaitaya osaluma.

Lachitatu, 5 Malichi

Floris wa zamakompyuta walichotsa lipoti pa intaneti. Akuti anthu 212 analikopera kale. Osindikizidwa anagawidwa dzana ndi dzulo ku msonkhano wa ku Brussels, kumene antchito a akazembe amabwerako n'kumatola pepala lililonse. Floris anati iye amatha mawu kutiphunzitsa kusintha manambala achinsinsi mwezi ndi mwezi, kumachita ife tikusindikiza mapu. Amaseka. Ine ndinasekanso, tangoganizani.

Masana a Terpstra anandiitana. Fomu inali patebulo pawo. Anafunsa kuti, koma mwini wake anawerenga, eti? Ndinaloza pamene ndinachonga n'kunena kuti fomu ndi imeneyo. Anagwedeza mutu n'kuusa moyo, akuti anthu othawa kwawowa amavomera lero, mawa mantha awagwira, mlandu n'kukhala wathu.

Ndinadzuka n'kutuluka. Pa njinga pobwerera ndimadziuza kuti bodza sindinanene, ndinangoloza. Wietske iwe, kuloza kumeneko si bodza?

Lachinayi, 6 Malichi

Mauthenga anayi kwa Z. Onse awerengedwa. Yankho palibe.

Lachisanu, 7 Malichi

Zakumwa za Lachisanu mu khitchini ya ofesi, 4 koloko monga mwa nthawi zonse. Ndinafuna kuzemba koma jekete linali pa mpando wa pafupi ndi chitseko cha a Terpstra. Anandipatsa tambula ya vinyo, n'kundisisita paphewa kuti ndisadandaule, si vuto langa, ndinatsata ndondomeko. Kenako anatsitsa mawu, akuti Lolemba tidzalembe kakalata mu fayilo ya Zarina kuti ndi wovuta kugwira naye ntchito, a bodi adziwe asanakambirane mu Epulo zomuonjezera thandizo kwa zaka zina.

Ndiye kuti mkulu wake ndamuika pa ngozi, iyenso ndimulande ntchito, zonsezi kuti dzina langa likhale loyera. Ndinadya mtedza wodzaza dzanja kuti pakamwa pakhale ndi chochita.

Loweruka, 8 Malichi

Ndinakwera sitima kupita ku Rotterdam osamuuza. Pa siteshoni ndinagula maluwa, uchitsiru weniweni. Anatsegula chitseko, anayang'ana maluwawo, n'kunena kuti ndiwasiye panja pa masitepe.

Sanandikalipire, bola akanatero. Anandipangira tiyi. Anandiuza kuti Lachinayi ku famase kunabwera amuna awiri ovala bwino, anagula mankhwala a chifuwa, wina n'kutenga kathumba kopanda kanthu pa kauntala, kukatembenuza, kukayang'ana m'kati, n'kufunsa ngati muli malo okwana foni. Anaseka n'kutuluka. Mkulu wakeyo wakhala pa famase imeneyo zaka 19. Amayi awo ali ndi zaka 81, sayenda, amakhala m'chipinda cha pamwamba pa famasepo ndipo amawasambitsa ndi iyeyo. Akatsala, amunawo abweranso. Akathawa, amayi atsala ndi ndani?

Ndinayamba zopepesa, mawu ambirimbiri. Anandidula.

"Ku ofesi kwanu akudziwa kuti sindinaiwerenge?"

Ndinayang'ana m'kapu. Anadikira pang'ono, kenako anatenga kapuyo m'manja mwanga, tiyi ali momwemo, n'kukaika mu sinki.

Maluwa ndinawapeza pa masitepe pomwepo. Ndinabwerera nawo, sindikudziwa chifukwa chake, ali mu ndowa ku bafa.

Lamlungu, 9 Malichi

Imelo kwa a Terpstra ndailemba katatu, ndaifufuta katatu. Yoyamba inati panali kusamvetsetsana. Yachiwiri inati nthawi inachepa, osindikiza amatifulumizitsa. Yachitatu inanena zoona koma inali ndi ndime ziwiri zofotokoza mmene ndimaikondera ntchito yanga. Amayi anga anaimba kuti aiwerenga nkhani ija ndipo aionetsa anzawo a kwaya. Ndinati mutu ukundipweteka.

Lolemba, 10 Malichi

Uthenga wa Z. unafika ndikukhoma njinga pansi pa ofesi. Ndikopera momwe ulili.

"Mkulu wanga wawoloka malire m'mawa uno ndi chikwama chimodzi. Famase watseka. Amayi atsala ndi oyandikana nawo nyumba, awauza kuti wapita kukagula katundu. Ntchito ndipitiriza. Mundipatse munthu wina woti ndizilankhula naye."

Ndinaima pamenepo, kiyi wa njinga ali m'manja, mpaka Floris anandidutsa n'kufunsa ngati ndamera mizu.

Hafu pasiti 9, mu ofesi mwa a Terpstra. Laputopu yotsegula, fayilo ya Zarina ili pagalasi, anali atalemba kale mzere woyamba wa kakalata kaja. Anati ndikhale, tithane nazo msanga. Sindinakhale. Ndinawawerengera uthengawo. Kenako ndinati pali zina zokhudza fomu ija, ndipo sizikhudza Zarina, zikhudza ine.

Anandiyang'ana. Ndi munthu wabwino, zaka zonsezi sanandikwezerepo mawu, ndipo ndinaona kuti azindikira ndisananene. Anatambasula dzanja n'kutseka laputopu pang'onopang'ono, n'kunena kuti chabwino, mwana wanga, lankhula momasuka.

Ndinaiyang'ana ili chitsekere. Zikanathera m'chipinda momwemo, a bodi osamva kanthu, kakalata kaja n'kungofufutidwa mwakachetechete.

"Ayi bwana," ndinatero. "Itseguleninso. Izi mulembe."