Maminibasi Asanu a Thovu Soap

Gulu: THOVU SOAP 🧼
Achemwali, Amunanga ❤️, Ine

LACHIWIRI

Achemwali 08:12
alamu zithunzi zija ndaziona. mwati maminibasi amene mwamata sopo wathu ndi asanu?

Amunanga ❤️ 08:15
asanu alamu. THOVU SOAP mbali zonse, nambala ya ma order kumbuyo. munthu ali pa jam akuwerenga afune asafune. imeneyo ndiye brand visibility 💪

Achemwali 08:16
nanga bwanji onse asanu galasi lakumanzere ndi lomanga ndi waya?

Amunanga ❤️ 08:31
kkkk alamu minibasi yopanda waya munaionapo kuti?

Achemwali 08:32
komanso zonse mwajambula chammbali, number plate osaoneka olo imodzi. ine ndaphunzitsa zaka 31, mwana wokopera homework ndimamudziwa asanakhale pansi. iyi ndi minibasi imodzi yojambulidwa kasanu

Ine 08:40
achemwali plz, m'mawa muno? ndili pa mphika wa sopo, manja ali m'magolovesi

Achemwali 08:41
iwe phika sopo wako. pension yanga ndi imene yamatidwa pa magalimotowo. miyezi iwiri tsopano, foni yako ya ma order yalira kangati?

Ine 08:55
kawiri. kamodzi inali wrong number

Amunanga ❤️ 09:02
🎤 0:47
alamu mvetsani, advertising si wailesi yoti mukatsegula ilira pompo. anthu aone kaye dzina, liwalowe m'mutu, tsiku lina ali mu shop dzanja lipita lokha pa Thovu. makampani akuluakulu amadikira chaka chathunthu. investor amafunika kudekha, osati kukweza BP

Achemwali 09:04
nanga makatoni 40 anatuluka sabata yatha aja?

Amunanga ❤️ 09:05
ma sample. kupereka zaulere ndi advertising yomwe

Achemwali 09:05
makatoni 40?? tikusambitsa dziko lonse?

Achemwali 09:06
nditumizireni ma number plate onse asanu

Achemwali 10:30
alamu?

Achemwali 13:15
blue tick ndikuiona

LACHITATU

Achemwali 07:50
ndili pa siteji. ndabwereka mpando kwa mayi wogulitsa nthochi, kope ndi cholembera zili m'manja. ndiwerenga ndekha

Ine 07:53
mayo ine mundichititsa manyazi. bwererani kunyumba achemwali, dzuwa limeneli ndi BP yanuyo

Achemwali 08:20
imodzi. ya waya ija

Achemwali 09:05
yachiwiri. plate ina, driver wina. hmm

Achemwali 10:40
yachitatu ndi yachinayi zadutsa motsogozana

Achemwali 11:32
yachisanu. onse alipo. ndipo waya ali pa onse

Amunanga ❤️ 11:34
😂😂 ndikudikira apology alamu. yolemba bwinobwino ngati ya ana anu a sukulu aja

Achemwali 11:40
pepani alamu, ndinakuganizirani zoipa, manyazi andigwira. ntchito ndi yooneka, thovu lija likuwala uli patali. ngakhale mayi wa nthochi akuti sopoyu amamudziwa, amagula katoni mwezi uliwonse

Ine 11:42
mwaona? tsiku lina muzikhulupirira anthu achemwali

Ine 11:44
dikirani kaye. amagula kuti? dera limenelo sitinaperekeko sopo

Achemwali 11:58
akuti amaimba nambala ili kumbuyo kwa minibasi, amamubweretsera mpaka pa benchi

Amunanga ❤️ 11:59
alamu dzuwa lakwana, kapumeni. za ma order tisiyireni ife

Achemwali 12:03
ndaimba. iwe foni yako yalira?

Ine 12:03
ayi. ili pompano pa tebulo

Achemwali 12:07
🎤 0:31
wayankha mzimayi, mawu okoma ngati wa ku banki. akuti Thovu Soap, mukufuna makatoni angati? ndati awiri. akuti pepani mayi sabata ino atha, ma order achuluka chiyambireni kumata maminibasi, mudikire abwana abweretse Lachisanu

Achemwali 12:08
📷 chithunzi
ona wekha. nambala yake ikuthera 862

Ine 12:09
yathu imathera 417

Amunanga ❤️ 12:15
ndi printer uja analakwitsa. ndikufotokozera kunyumba mami, osati pa group

Achemwali 12:16
printer analakwitsa kasanu, nkugwera mzimayi wodziwa mtengo wa katoni?

Ine 12:21
862 ndimaidziwa

Ine 12:21
imaimba Lamlungu lililonse tikamadya, inu nkutuluka nayo panja

Ine 12:22
munaiseva Mekaniki. munati ndi wa maminibasi

Ine 12:23
makatoni 40 aja ndinakulunga ndekha bambo, zala mpaka kusupuka. ndinakuthandizani kukweza

Ine 12:30
ndiyankheni

Achemwali 12:34
pa chimodzi simunaname alamu. advertising imagwiradi ntchito

12:35 Amunanga ❤️ atuluka m'gulu

Achemwali 12:41
zimitsa moto pa mphikapo, ukhale pansi. ndakwera yachisanu ija, ndikubwera

Achemwali 12:58
mng'ono wanga?