Mawu Anu Anathera mu Fulashi

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Bindura tilipo. Mvula inachedwa, koma achimwene Yohane ku Matepatepa akuti fodya wa pafamu wachita bwino ndipo maganyu sakusowa. Akazi awo achira, mwana wamkazi, amutcha Elube, dzina lanu. Kulira kwake, mayi ine, kompaundi yonse imadzuka! Abambo adakali ku Shamva kwa azakhali, chifuwa cha kumgodi chija chikuwavutabe.

Ndikuzungulira dala, Amayi. Paja munkati, "Esinati akayamba ndi nkhani za mvula, dziwani kuti waswa mbale." Ndaswadi, ndipo manyazi andigwira.

Mukukumbuka muli chigonere, ndinkakujambulani mawu pafoni mukuimba nyimbo za kutchalitchi ndi kutchula mayina a abale a ku Dedza? Foniyo itayamba kuvuta ndinasamutsira zonse mu fulashi, kanthu kosungira zinthu kotalika ngati chala. Kenako kompyuta yomwe ndimataipira makalata a makorokoza, okumba golide a ku Kitsiyatota aja, inafa chosungira chake cha m'kati. Wokonza anati iyendabe ndithu akaika mu fulashi pulogalamu yoiyendetsa. Ine ndi kuumira kwangaku, m'malo mogula ina ndinapereka yomweyo. Malo analimo ambiri. Mawu anu anakhala pambali, kompyuta n'kumadzukira momwemo m'mawa uliwonse.

Tsono abambo akabwera ankafuna kukumvani. Ankakhala pabenchi ya pakhomo pa shopu yanga yotaipira, chipewa chili pabondo, n'kunena kuti, "Mwanangu, tandiyatsira amako." Poyamba ndinkayatsa. Koma ndinakumbukira makaseti anu a kwaya aja, mmene ankathera ndi kuliza mpaka mawu kumakokeka ngati a munthu woledzera. Inu munkawabisa m'sutikesi, mumvekere, "Mukaliza tsiku ndi tsiku, pa Khirisimasi tidzamvera chiyani?" Ndiye nanenso ndinayamba kuwakaniza abambo. Ndinkati akamvera kwambiri fulashi itha, tisungire tsiku loika chiliza. Tsiku lina anapempha nyimbo imodzi yokha. Ndinawayankha m'Chishona, pamaso pa makasitomala, kuti ndatanganidwa. Anangovala chipewa chawo n'kumapita kukadikira kombi, minibasi yobwerera ku Shamva.

Sabata yatha kompyuta sinadzuke. Ndinathamangira kwa mayi wina wokonza makompyuta m'tauni, anayesa fulashiyo m'makina ake onse, koma zii. Ndinamuuza kuti zikundidabwitsa, poti sitinkamvera n'komwe. Anandiyang'ana mwachisoni. Akuti fulashi si kaseti ayi. Kuwerenga zomwe zilimo, kaya umvere kangati, sikuidya kwenikweni. Chimene chimaitha ndi kulembamo, ndipo kompyuta yoyendera mu fulashi imangolembamo tinthu take tsiku lonse, ngakhale iwe usakusunga kanthu. Kenako anafunsa ngati mawuwo ndinawakoperako pena. Ndinavomera kuti sindinatero.

Mwamva, Amayi? Abambo akanatha kukumverani m'mawa ndi madzulo popanda kuwononga kanthu. Amene ndakufufutani ndine, ndi makalata angawa, uku ndikudziyesa mlonda wanu. Mwamuna wanu ndinamumana mawu a mkazi wake chifukwa cha kaseti. Ndikaganiza zimenezi ndimalephera ngakhale kuyang'ana benchi ija.

Chiliza chanu tikuika mwezi wamawa. Abambo sakudziwa kanthu. Azakhali akuti abambowo auza kale mpingo wonse kuti tsiku limenelo mudzaimba nokha pamanda panu, moti abwereka sipika yaikulu kwa anzawo akale a kumgodi. Akuti amaipukuta fumbi m'mawa uliwonse.

Achimwene Yohane akuti ndingonamizira magetsi, poti amazimazima kale, palibe angatsutse. Sindikubisirani, ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma inu bodza munkalinunkhiza munthu asanatsegule pakamwa, ndipo sindikukhulupirira kuti kumeneko mphunoyo munaisiya.

Choncho ndikulonjeza. Loweruka nditseka shopu, ndikwere kombi ya ku Shamva. Ndikagwada pamaso pa abambo, ndikawauze zonse m'chilankhulo chathu, popanda kuthawira ku Chishona. Akakalipa ndikamvera, akangokhala chete ndikakhala nawo. Akakonzeka, sipikayo ndikaisenza ndekha pamutu kukaibweza kwa eni ake.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati