Mawu a Amayi mu Foni ya Bambo

Cochabamba, 3 Novembala

Achemwali Eulalia,

Ndikhulupirira muli bwino ku Madrid konko. Kuno tilipo, chimanga chamera bwino.

Mwana wanga Wilmer, amene akuphunzira za makompyuta, anasonkhanitsa mauthenga a mawu omwe malemu Amayi ankatitumizira, n'kupanga pulogalamu yolankhula ngati iwowo. Ndinavomera poganiza kuti Bambo asangulukako. Ndikanadziwa, bwenzi nditakana.

Tsopano Bambo amangokhalira kucheza ndi foni, chakudya n'kumazizira. Dzulo, tsiku lokumbukira akufa, ndinati tikaike maluwa kumanda. Anandiyang'ana modabwa.

"Kumanda kwa ndani, mwanawe? Amayi ako ndacheza nawo m'mawa womwe uno."

Wilmer akuti angathe kuizimitsa pulogalamuyo, koma palibe amene akulimba mtima. Ngati n'kotheka, achemwali, bwerani msanga, musadikire Khirisimasi.

Ndine mng'ono wanu,
Nieves