Simsim Akumwa Mapiritsi a Apongozi

Aphungu,

Galu wathu Simsim akumwa madzi ngati ngamira, mimba yatupa, ubweya ukusosoka. Dokotala wa ziweto akukayikira tiziwalo tiwiri ta pamwamba pa impso. Akuti Lamlungu ayeza mahomoni: atenga magazi m'mawa, ambaya jakisoni, atenganso patatha maola anayi, kenako asanu ndi atatu.

Atandifunsa ngati galuyo akumwa mankhwala, ndinakana. Ndinanama. Apongozi anga, Hajja Nawal, omwe kale ankati galu amathamangitsa angelo m'nyumba, lero amamutcha mdzukulu. Kwa miyezi isanu akhala akum'bisira mu tchizi mapiritsi awo a kotizoni, a mawondo, poti galuyo ankadzikanda. Amawagula kwa a Ramzi a pafamase, opanda chikalata cha dokotala. Nditawafunsa anati, "Iwe mwanawe, a Ramzi anachiza bondo langa, alephere galu? Nanga wasiya kukanda kapena ayi?" Amuna anga akuti mayi awo sanalakwepo chibadwire. Ndikaulula, m'nyumba muno muyaka moto. Nditani?

S. M., Tanta

Mayi S. M.,

Zikomo a Ramzi, dokotala wa mawondo, agalu ndi maukwati, amene amayeza wodwala ali kuseri kwa kauntala. Simsim wasiyadi kukanda. Akandenso chiyani, ubweya watha?

Tamverani. Tiziwaloto timapanga homoni yofanana ndi kotizoni. Ikachuluka, galu amatupa ndi kusosoka chonchi, kaya yachokera m'thupi mwake kaya m'kabati ya apongozi. Mukabisa, dokotala ayeza Simsim koma zotsatira zikhala za Hajja Nawal. Mwina galuyo sadwala china koma chikondi.

Imbani foni lero, Lamlungu lisanafike. Nenani dzina la mapiritsi, angati patsiku, kuyambira liti. Dokotala akhoza kusintha tsiku kapena mtundu wa kuyezako.

Apongozi musawazenge mlandu. Auzeni kuti dokotala akufuna kumva kwa munthu wodziwa bwino galuyo. Avala zovala zawo zakumzikiti za Lachisanu, anyamula okha bokosi la mapiritsilo, aulula zonse monyadira. Amuna anuwo ayendetse galimoto, akamve ndi makutu awo.

Chenjezo: musataye mapiritsiwo mwaukali. Tiziwalo tija tagona miyezi isanu poona kuti agogo akugwira ntchito yawo. Mukasiyitsa mwadzidzidzi, galu akhoza kukomoka n'kufa. Dokotala ndiye achepetse pang'onopang'ono. Apo ayi, mbiri ya banja idzati apongozi ankachiza galu, mkamwana n'kumupha.

Aphungu